Maliro opanda nyimbo

M'midzi yathu yambiri, mayi akapita padera kapena akabereka mwana wakufa kale, sipatumidwa mthenga wa zovuta. Amayi achikulire ochepa amanyamula mtayo nakauika m'dzenje losaya, amuna osayandikirako. Namfedwa amalangizidwa kuti asalire mokweza, ati kuopa kuti sadzaberekanso. Lamulungu likafika, timaimba m'tchalitchi ngati palibe chimene chachitika.

Komatu china chake chachitika. Mayi asanatsimikize n'komwe kuti waima, ntchito m'chiberekero imakhala itayamba kale. Patangopita masiku pafupifupi 22 chitengereni pathupi, kamtima kamayamba kugunda, mwini wake asanafike pa msinkhu wa njere ya mpunga. Pofika masabata 12, tizala ta m'manja ndi ta kumapazi timakhala titaumbika. Pakati pa masabata 16 ndi 24, mayi amayamba kumumva akusuntha. Mlaliki Luka akusimba za Elizabeti ali ndi pakati pa miyezi 6, ndipo akumuonetsa Yohane ngati munthu kale, wodziwika kwa Mulungu asanalione dzuwa.

Chimene chimawawitsa bala ndi zala zathu zoloza. Ena amati mayiyo anasenza ndowa yolemera, ena amakayikira mayendedwe a mwamuna wake, ena amathamangira ufiti. Nafenso okhulupirira, tivomereze, timanong'onezana za tchimo lobisika. Koma ofufuza analemba mu 2021 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti mwa mimba 100 zodziwika, pafupifupi 15 zimapita padera. Zambiri zimachoka m'masabata 12 oyambirira, ndipo pafupifupi theka la zimenezi n'chifukwa chakuti ma chromosome, timalangizo toumbira thupi, sanakhale m'malo mwake kuyambira pachiyambi. Mayi sangachititse zimenezi, sangaziletsenso.

Zilipo zina zotheka kuzitchinga. Malungo, chindoko ndi kuthamanga kwa magazi zimapha ana m'mimba, ndipo ku sikelo amaziyeza. Tikamapempherera mayi woyembekezera, tizimufunsanso ngati wayamba sikelo.

Amayi a Mvano ndi magulu ena onga iwo amaidziwa bwino njira ya kusiwa, ufa pamutu ndi nkhuni m'manja. Njira yomweyo ifikenso kunyumba kumene kuli tizovala tosavalidwa m'sutikesi. Kumeneko sitifunika kunena kuti adzabereka wina. Tikhale pamphasa, timufunse mayiyo ngati mwanayo anali atamusankhira dzina, ndipo tisamuiwale bambo amene wakhala chete pakhonde.