Basi imangowapititsa, kwawo amabwerera pa timatabwa

Lamulungu m'mawa m'mwezi wa Febuluwale, kunja kusanayere bwino, anthu amayamba kusonkhana pamalo okwerera basi mumzinda wa Oslo, likulu la dziko la Norway. Ena ndi achinyamata, ena ndi agogo a imvi zawo. Aliyense amakhala atavala chipewa cha ubweya, atabereka kachikwama kumsana, ndipo paphewa atanyamula timatabwa tiwiri titalititali ndi ndodo ziwiri.

Basi yomwe amadikirayo ndi yodabwitsa: imangowapititsa koma siwabweza. Ikawatsitsa kumpoto kwa nkhalango, monga pafupi ndi nyanja ya Mylla, ntchito ya dalaivala yathera pomwepo. Anthu aja amamanga timatabwa tija kuphazi n'kuyamba ulendo wobwerera kumzinda, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Thyolo. Msewu wawo ndi chipale chofewa, madzi oundana oyera ngati ufa omwe amagwa kuchokera kumwamba m'nyengo yozizira.

Amene amakonza maulendowa ndi kalabu yotchedwa Skiforeningen. Koma pamene kalabuyi yadutsa zaka 140, chinthu chomwe imadalira kwambiri, chipale chija, chayamba kusowa.

Kuyenda pa chikuni chowaza

Timatabwato amati maski. Mawuwa adachokera ku chiyankhulo chakale cha anthu a kumeneko ndipo ankatanthauza chikuni chowaza. Kalekale maski sadali a masewero. Alimi, alenje ndi asilikali ankawagwiritsa ntchito chifukwa munthu woyenda pansi amatitimira m'chipale mpaka m'mawondo, pamene wa maski amangotsetsereka pamwamba.

Masewero a maski alipo amitundu ingapo. Omwe amaonetsedwa kawirikawiri pa kanema ndi aja munthu amakwezedwa pamwamba pa phiri n'kutsika ndi liwiro loopsa. Omwe anthu a m'basi ija amapitira ndi ena, oyenda mtunda wautali, ndipo eni ake amawatcha langrenn. Palibe makina okukweza pachitunda. Chala chokha ndicho chimamangidwa ku thabwa, chidendene chimakhala chomasuka. Munthu amaponda ndi mwendo umodzi, n'kutsetsereka ndi winawo, uku akudzikankha ndi ndodo. Manja, miyendo, msana ndi mapapo zonse zimagwira ntchito.

Chinsinsi chili kunsi kwa thabwa. Pakati pake amapakapo phula loti ligwire chipale munthu akaponda, kuti asabwerere m'mbuyo pachitunda. Kukazizira kwambiri amapaka phula lolimba, ndipo lodziwika kwambiri ndi la buluu. Chipale chikanyowa amapaka lina lomata ngati ulimbo lotchedwa klister, lomwe likakhudza malaya kapena tsitsi ndi mlandu. Wolakwitsa phula amavutika tsiku lonse. N'chifukwa chake masiku ano ambiri amagula maski okhala ndi kachikopa ka ubweya kunsi, osafuna kupaka phula logwirira.

Kalabu ya chaka cha 1883

Skiforeningen idakhazikitsidwa m'chaka cha 1883, pamene mzinda wa Oslo unkatchedwa Kristiania. Cholinga chidali kulimbikitsa anthu a mumzinda kuti azikonda maski. Patangotha zaka zisanu, mu 1888, Fridtjof Nansen ndi anzake adadutsa chilumba chachikulu cha Greenland pa maski, ndipo mbiri yawo idapangitsa kuti anyamata ambiri afune kuyesa.

Mu 1892 mipikisano yolumpha pa maski idayamba kuchitikira pa phiri la Holmenkollen, lomwe limaoneka bwino munthu ali mumzinda. Mu 1923 kalabuyi idatsegula nyumba yosungiramo mbiri ya maski, yomwe ndi yakale kuposa ina iliyonse ya mtunduwu padziko lapansi.

Koma ntchito yaikulu ya kalabuyi sionekera pa kanema. Imachitika usiku ndi m'bandakucha m'nkhalango yozungulira mzinda, yomwe anthu amangoitcha Marka. Nkhalangoyi ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,700 ndipo m'nyengo yabwino mumakhala njira za maski zotalika makilomita oposa 2,000. Zina zimasamalidwa ndi khonsolo ya mzinda, koma zambiri ndi udindo wa kalabu.

Chipale chikagwa, antchito amayendetsa zimakina zonga thirakitala, zoyenda pa malamba. Chimakinacho chimatsendera chipale n'kusiya timizere tiwiri tofanana ndi njanji, momwe maski amayendamo osasochera. M'chilimwe ntchito siima: amadula zitsamba, kukonza milatho ndi kusalaza pansi kuti ngakhale chipale chochepa chikwanire. Zizindikiro zofiira pamitengo zimasonyeza njira ya maski, zabuluu njira ya oyenda pansi m'chilimwe.

Kuyenda m'njirazi n'kwaulere. Palibe chipata, palibe wodula tikiti. Gawo lalikulu la ndalama zogulira mafuta ndi kulipira antchito limachokera ku zopereka za mamembala, omwe amalipira chaka ndi chaka akudziwa kuti woyenda kutsogolo kwawo mwina sadaperekepo kalikonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo njira ya makilomita zikwi sikonzedwa ndi munthu mmodzi.

Zomwe zili m'kachikwama

Tsiku la ulendo limayamba ndi foni. Kalabu imalengeza pa intaneti njira zomwe chimakina chadutsamo ndi nthawi yomwe chidadutsa. Kenaka ndi zovala. Mwana wa ku Norway amaphunzitsidwa kuvala ubweya wa nkhosa pakhungu, chifukwa umafunditsabe ngakhale utanyowa ndi thukuta. Thonje likanyowa limazizira, ndipo kunja kukakhala madigiri 10 kunsi kwa ziro, malaya onyowa atha kudwalitsa munthu. Kuzizira kwa ku Dedza m'mwezi wa Juni n'kwamasewera poyerekeza ndi kumeneku.

M'kachikwama mumakhala buledi wokutidwa m'pepala, fulasiki ya koko kapena khofi, lalanje ndi chokoleti cha Kvikk Lunsj, chomwe chidayamba kugulitsidwa mu 1937 ndipo chidasanduka kamba wa paulendo wa dziko lonse. Mumakhalanso juzi yapadera yovala popuma ndi kamphasa kokhalira pa chipale.

M'kati mwa nkhalango muli nyumba zopumulirapo. Yodziwika kwambiri kwa oyenda mtunda wautali ndi Kikutstua, yomwe ndi ya kalabuyi. Ina ndi Ullevålseter, makilomita pafupifupi asanu kuchokera pa nyanja ya Sognsvann, komwe mabanja a ana aang'ono amakonda kuthera. Panja pa nyumbazi maski amaimikidwa m'chipale ngati mpanda wa bango, osamangidwa ndi loko. M'kati anthu amadya mabanzi ndi zikondamoyo zopaka jamu kapena tchizi chofiirira, masokosi akuuma.

Nthawi ndi yofunika kuiwerengera. Kumapeto kwa Disembala dzuwa ku Oslo limatuluka itadutsa 9 koloko m'mawa ndipo limalowa itangopitirira 3 koloko masana. N'chifukwa chake maulendo ataliatali amakoma mu Febuluwale ndi Malichi, masiku akatalika. Wofika pa Sognsvann kapena pa Frognerseteren amangovula maski n'kukwera sitima ya mumzinda, ndipo pasanathe ola amakhala ali pakati pa tauni. Ena sadikira basi ya kalabu: amakwera sitima yopita ku Gjøvik, n'kutsika pa masiteshoni a m'nkhalango monga Movatn kapena Stryken.

Si onse amayamba ndi makilomita 40. Kalabuyi ili ndi sukulu ya maski ya ana, komwe timwana timaphunzira kugwa ndi kudzuka kudzera m'masewero. Makanda amakokedwa m'kangolo kopanda mawilo komwe bambo kapena mayi amamangirira m'chiuno.

Mfumu m'sitima

Chomwe chimapangitsa kuti zonsezi zitheke ndi lamulo. Gawo lalikulu la nkhalangoyi lili ndi eni ake, omwe amadulamo mitengo yogulitsa. Koma mwambo wakale wa ku Norway, womwe udalembedwa m'lamulo mu 1957, umapatsa munthu aliyense ufulu woyenda m'tchire ndi m'mapiri ngakhale malowo ali a munthu wina, bola asaononge kanthu ndipo asasokoneze a pakhomo.

Mzinda ukamakula, omanga nyumba amayang'ana kunkhalango. Mkangano wa malire a Marka udatenga zaka zambiri mpaka mu 2009, pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lapadera loteteza nkhalangoyi. Lero munthu akatsika sitima pa siteshoni yomaliza, nyumba zimatha ndipo mitengo imayamba.

Anthu a ku Oslo amakonda kukumbutsana nkhani ya chaka cha 1973. Mafuta a galimoto atasowa padziko lonse, boma lidaletsa kuyendetsa galimoto masiku ena a kumapeto kwa sabata. Mfumu Olav V ikadatha kudzipatula, koma idanyamula maski ake n'kukwera sitima yopita ku Holmenkollen limodzi ndi anthu wamba. Chithunzi cha mfumuyo itavala zovala za maski, ikupereka ndalama kwa kondakitala, n'chimodzi mwa zithunzi zodziwika kwambiri m'dzikomo. Pa Holmenkollen pali chiboliboli chake ili pa maski, galu wake ali pambali.

Kubwerera si manyazi

Ulendo wa pa chipale uli ndi zoopsa zake. Njira zambiri za ku Marka zimadutsa pamwamba pa nyanja zoundana, ndipo madzi oundanawo amakhala opyapyala pafupi ndi pomwe mtsinje ukulowa kapena kutuluka. Wothyoka mwendo pakati pa nkhalango amayamba kuzizidwa msanga chifukwa wasiya kuyenda.

Kumapiri aatali, komwe kulibe mitengo yotchinga mphepo, zinthu zimafika poipa. Pa nyengo ya Pasaka ya 1967 anthu 18 adafera m'mapiri a ku Norway. Zitatero, bungwe la Red Cross ndi bungwe la oyenda m'mapiri la DNT adafalitsa kwambiri malamulo a paulendo, omwe adakonzedwanso mu 2016. Malamulowa amalangiza munthu kuuza anzake komwe akupita, kusankha mtunda wolingana ndi mphamvu zake, kumvera zolosera za nyengo ndi kubwerera nthawi ikadalipo, popeza kutero si chinthu chochititsa manyazi.

Apa ndi pomwe kalabu imathandiza. Woyenda m'njira yokonzedwa, yokhala ndi zikwangwani pamphambano ndi nyumba zopumulirapo, pakati pa anthu ena omwe adatsika basi imodzi, sakhala yekha ngakhale atatsalira.

Kuchokera m'maulendo otere ndi momwe akatswiri amaphukira. Marit Bjørgen adapata mamendulo 15 pa masewero a Olympics a nyengo yozizira, ndipo Johannes Høsflot Klæbo adatenga mamendulo onse asanu ndi limodzi a golide omwe amuna ankalimbirana pa langrenn pa mpikisano wa dziko lonse ku Trondheim mu 2025. Anthu wamba nawo ali ndi mpikisano wawo, Birkebeinerrennet, womwe udayamba mu 1932. Ndi wa makilomita 54 kuchoka ku Rena kukafika ku Lillehammer ndipo aliyense amabereka katundu wa makilogalamu 3.5, pokumbukira asilikali awiri omwe mu 1206 adathawitsa pa maski mwana wakhanda yemwe adadzakhala Mfumu Håkon Håkonsson.

Chipale chikuthawira kumtunda

Vuto lomwe kalabu singalithetse ndi lamulo kapena ndi zopereka ndi kutentha kwa dziko. Akatswiri a zanyengo a ku Norway akhala akuyeza kuya kwa chipale m'nkhalangoyi kwa zaka zambiri, ndipo apeza kuti masiku oyenda pa maski akucheperachepera. Kusiyana kwa digiri imodzi kapena ziwiri n'kokwanira kuti chomwe chikadagwa ngati chipale chigwe ngati mvula. Mvula ikagwa pa njira yokonzedwa, usiku kukazizira, m'mawa njirayo imakhala yoterera ngati galasi.

Nyengo yozizira ya 2019 mpaka 2020 idali yofunda modabwitsa kum'mwera kwa Norway, ndipo njira zambiri za kufupi ndi mzinda zidakhala zopanda chipale kwa nthawi yaitali. M'chaka chomwecho cha 2020, ku Lørenskog, kunja kwa Oslo, kudatsegulidwa chinyumba chachikulu chotchedwa SNØ, momwe anthu amalipira kuti ayende pa chipale chopangidwa ndi makina chaka chonse. M'malo ena a panja makina amapopera madzi mumpweya wozizira kuti apange chipale, koma izi zimafuna magetsi ndi madzi ambiri, ndipo zimangokwanira kanjira kafupi kozungulira. Makilomita 2,000 sangakutidwe ndi makina.

Mlimi wa kuno yemwe waona mvula yoyamba ikusinthasintha masiku angamvetse nkhawa yawo, ngakhale kuti iye amataya chakudya pamene iwo amataya mwambo. Koma kwa anthu a ku Oslo mwambowo ndi waukulu. Ndi umene umatulutsa ana m'nyumba m'miyezi ya mdima, ndipo ndi umene umakumanitsa bwana ndi wantchito m'timizere tofanana.

Basi ija tsopano ili ndi phindu lina. Kumpoto kwa nkhalango n'kokwera kuposa kumzinda, ndipo chipale chimafikako msanga n'kuchedwa kusungunuka. M'zaka zofunda oyenda amanyamuka pa chipale choyera bwino ku Mylla, koma akamayandikira kumzinda chimayamba kupyapyala, miyala ndi mizu n'kumaonekera. Zikatero amavula maski, n'kuwanyamula paphewa monga adachitira m'mawa, ndipo mtunda wotsalawo amaumaliza wapansi mpaka pa siteshoni.