Ora Lake la Duwa

Munthu wofuna kujambula duwa la dzungu, limene amayi akalithyolera mumphika amalitcha chiluwe, ayenera kulawira kudimba mame asanaume, pakuti duwali limatseguka kukangocha, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo limakhala litafota kale, osadzatsegukanso. Pano zengerezu amalindadi kwawukwawu, chifukwa wofika mochedwa amapeza masamba okhaokha ndi maluwa opinimbira.

Koma iye amene wagwada pamatope, foni ili m'manja, napenya m'kati mwa chikasu chija, amaona zimene wolima wa zaka zambiri sazisamala. Pamphukira imodzimodziyo pali maluwa aamuna ndi aakazi. Lalimuna limaima pakaphesi kowonda, pamene lalikazi limanyamula kunsi kwake kadzungu kosakula kuposa chala chachikulu, kamene kadzanyala ndi kugwa ngati njuchi sizibweretsa mungu m'mawa womwewo. Njuchiyo imalowa ili yakuda n'kutuluka itayera mbuu, ndipo kuti wojambula aigwire ili pakhomo pa duwa, ayenera kukhala chete osagwedeza tsamba, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Thonje la ku Chikwawa ndi ku Balaka nalo lili ndi mwambo wake: duwa limatseguka lili loyera, mawa lake lafiirira, ndipo posakhalitsa limayoyoka. M'matauni, mwezi wa Okutobala ukafika, aliyense amaloza foni yake kumitengo ya jakaranda ya ku Blantyre ndi ku Zomba, imene kwawo kwenikweni ndi ku South America. Sitiwadzudzula ayi, ngakhale tikadakonda kuti ena aweramirenso therere ndi mbatata za kuseri kwa nyumba, zimene maluwa ake samaliza tsiku.

Ntchito yojambula mitundu ya maluwa sinali yapafupi kale. Pamene abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière a ku Lyon m'dziko la France, anayamba kugulitsa magalasi awo ojambulira mitundu otchedwa Autochrome m'chaka cha 1907, anawapaka tinjere ta ufa wa mbatata ya kachewere tonyikidwa mu utoto wofiirira, wobiriwira ndi wamtambo. Ndipo popeza kuwala kunkavutika kudutsa mu ufawo, chojambulidwa chinkayenera kukhala chosasuntha kwa kanthawi. Ana ankalephera kupirira, motero ojambula ambiri anatembenukira kuminda ya maluwa, kumene mdani wawo anali kamphepo kokha.

Akatswiri a zomera ali ndi njira yawo yakale yosungira maluwa. Ku National Herbarium ku Zomba amafinya chomera pakati pa mapepala, nachiumitsa, nalemba malo ndi tsiku limene chinathyoledwa, ndipo chimatha kusungika zaka zoposa 100. Komatu mtundu wa duwa umazilala, n'kusanduka wotuwa. Chithunzi chimasunga mtunduwo ndi kuwala kwa m'mawa umenewo, ngakhale fungo chimalisiya m'munda.

Ojambula ozolowera amapewa dzuwa la masana, limene limawalitsa duwa loyera mpaka mizere yake yonse kufafanizika. Amasankha mitambo ikaphimba, kapena mvula ikangokata madontho akadali pamasamba. Ndipo popeza foni imalemba yokha tsiku ndi ora la chithunzi chilichonse, mlimi amene wajambula dimba lake nyengo zingapo amatha kuyerekeza, chaka ndi chaka, sabata imene maungu ake anayamba maluwa ndi tsiku limene mvula yodzalira inagwa.