Gome la Bawo Losaopa Mdima

Chiyambire pamene timababu ta LED ndi timasola tinadzaza m'misika, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunaphunzitsa anthu kusataya batire ngakhale lotopa, akalipentala ena a m'mphepete mwa misewu ayamba kukhoma magome a bawo ndi drafuti amene amawala okha dzuwa likalowa, ndipo amawakhoma ndi zinthu zimene eni ake anazitaya kudzala.

Mwa magome otere amene tinawaona, loposa onse lili patsinde pa mtengo wa mango kuseri kwa msika ku Ndirande. Mmisiri wake, bambo wa imvi za apo ndi apo, anatola chigudumu chamatabwa chimene amakulungapo mawaya a magetsi, nachigoneka pansi kuti chikhale gome lozungulira, napaka kunsi kwake oilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chisachiyandikire. Pamwamba anakhomerapo thabwa la mlombwa lochokera ku chitseko chakale, m'mene anasemamo maenje 32 m'mizere inayi monga mwa mwambo. Koma pansi pa dzenje lililonse anaboola, natsekapo ndi galasi la botolo lokwecha bwino pamwala, ndipo kunsi kwa magalasiwo anayalako timababu tochotsedwa pa chikwangwani cha sitolo imene inatsekedwa. Batire la njinga yamoto, la mavoti 12, limagona m'mimba mwa chigudumucho, mawaya ali omangidwa ndi mphira wa chubu kuopa mvula, ndipo kasola kamene kali padenga la okala yoyandikana ndi gomelo kamalidyetsa usana wonse. Mdima ukagwa, dzenje lopanda kanthu limawala mbee, pamene lodzala ndi nkhomo limangotulutsa kuwala m'mbali, kotero kuti ngakhale woima kumbuyo amadziwa pamene pali chuma ndi pamene pali njala.

Koma walira mvula walira matope, pakuti gome limeneli labala mkangano umene sunathe mpaka lero. Akuluakulu ena, amene anakula akutakata pansi pa mitengo, amati mdima unali mkhalapakati wosakondera, umene unkaimitsa masewera pa nthawi yake ndi kubweza mwamuna aliyense kukhomo kwake nsima isanazizire. Ndipo amati amene wachotsa mdima wachotsanso malire, popeza wogonja sakhalanso ndi chifukwa chonyamukira, koma amapempha kubweza, nabwezanso, kufikira usiku utakula. Amayi ena amavomerezana nawo, nadandaula kuti abambo amafika ana atagona kale, ndi kuti kumene anthu amachezera usiku, kubetcha ndalama sikuchedwa kulowerera.

Enanso amatsutsa zolimba. Iwo amati munthu wogwira ganyu kuyambira mbandakucha analibe mpata wokhala pabawo, chifukwa poweruka dzuwa limakhala litapendeka kale, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye. Amatinso mnyamata amene wakhala pagome lowala, pamaso pa akulu, n'kwabwino kusiyana ndi amene wazimirira kumowa, ndipo dzanja lobisa nkhomo m'chikhatho, limene kale linkadalira chisisira, tsopano lasowa pobisala. Mmisiriyo salowerera mbali, ngakhale kuti swichi anaiika mkati mwa kachitseko kokhoma ndi loko, ndipo kiyi anaipereka kwa mkulu wina amene onse amamulemekeza, kuti kuzimitsa kukhale m'manja mwa munthu woyankha mlandu.

Mvula yoyamba ikagwa, gomeli limapeza alendo ena osaitanidwa, pakuti ngumbi zimathamangira kuwalako mwaunyinji n'kumagwera m'maenje. Pamenepo ana amafika ndi mabeseni a madzi kudzatola ndiwo, osewera akukalipa kuti awasokoneza kuwerenga, ndipo masewera a tsiku limenelo kawirikawiri amathera panjira.