Fumbi la pa chipangizo limakafika kumunda

Mlangizi akamauza alimi a pa sikimu kuchuluka kwa madzi ofunika pa chimanga chawo, nambalayo saitola m'mutu. Gwero lake ndi masiteshoni a Nthambi yoona za Nyengo monga a ku Ngabu, Bvumbwe ndi Chitedze, kumene amayeza kutentha, chinyezi cha mumpweya, liwiro la mphepo ndi mphamvu ya dzuwa. Madzi amene amauma m'nthaka ndi kutuluka m'masamba kawirikawiri sayezedwa mwachindunji. Akatswiri amachita kuwerengetsa potsata njira ya Penman-Monteith, imene bungwe la FAO linalongosola m'buku lake la 1998. Phata la masamuwo ndi mphamvu imene imatsalira pansi tikachotsa yobwerera kumwamba, pakuti ndiyo imaumitsa madzi. Nayonso kawirikawiri amangoiwerengetsa kuchokera ku miyezo ina ija. Ndiye chifukwa ndikuti kusamalira zipangizo za pa masiteshoniwa ndi nkhani ya nzika, osati ya akatswiri okha.

Taonani mmene cholakwika chimalowera. Chipangizo choyezera dzuwa chili ndi kagalasi pamwamba. Fumbi ndi utsi wa lupsa wa mu Okutobala zikakuta kagalasiko, chimanena dzuwa lochepa, masamu n'kuti mbewu ikufuna madzi ochepa, pamene ikufota. Choyezera chinyezi chikakalamba chimanamiza kawiri, chifukwa chinyezi chimalowa m'masamu a mphamvu yobwerera kumwamba komanso m'masamu a kuuma kwa mpweya. Malo nawonso amanamiza. Njira ya FAO imayembekezera siteshoni yokhala pa udzu wobiriwira wotalika masentimita 12, mphepo itayezedwa pa mamita 2. Bwalo likakhala gwaa, lopanda udzu, mpweya umatentha ndi kuuma kuposa wa m'munda wothirira, ndipo nambala imakwera mopitirira. Mtengo umene wakula pafupi umatchinga mphepo, nambala n'kutsika.

Ena amati kuphonya ndi theka la milimita pa tsiku n'kochepa. Si kochepa ayi. Milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000, choncho theka lake pa masiku 120 ndi malita 600,000 pa hekitala imodzi yokha, opopedwa ndi mafuta kapena magetsi a mlimi, kapena omanidwa kwa mbewu. Ndipo cholakwika cha fumbi sichidzikonza chokha mawa. Chimakokera mbali imodzi tsiku ndi tsiku. Ena amati masetilaiti ndi masiteshoni odziyendera okha athetsa vutoli. Amathandizadi, koma zimene setilaiti ikunena amazitsimikizira poyerekeza ndi miyezo ya pansi, ndipo siteshoni yodziyendera yokha sidzipukuta. Imatumiza nambala zolakwika mokhulupirika, popanda munthu woona kuti mbalame yaipitsa pa galasi.

Nthambi yoona za Nyengo imayendera ndalama za misonkho zimene Nyumba ya Malamulo imavomereza mu bajeti. Kugula siteshoni yatsopano kumakopa abwenzi akunja. Kulipira woipukuta, kutchetcha udzu ndi kuyesa zipangizo ngati zikulondola kumatsalira ife. Phungu akabwera kudera, kapena komiti ya sikimu ikakumana ndi mlangizi, funso lofunika n'lakuti: siteshoni imene tikudalira inayesedwa liti komaliza, ndipo ndani amaiyang'anira?