Nairobi fly ndi dzodzwe: onse amawotcha khungu, koma si amodzi

Mvula ikakhazikika, ena mwa anthu ogwira ntchito usiku ku mafakitale a ku Makata ndi okhala ku Ndirande amadzuka ndi mzere wofiira pakhosi kapena patsaya, womwe pambuyo pake umatuluka matuza. Tizilombo tiwiri timadziwika ndi khalidwe lotentha khungu chotere: kachikumbu kotchedwa Nairobi fly ndi dzodzwe. Chilonda chake chimafanana, koma eni akewo ndi osiyana kwambiri.

Nairobi fly ndi kakang'ono, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kowonda, ka mawanga akuda ndi ofiirira, ndipo ukakaona msanga ungati ndi nyerere. Zikamba zophimba mapiko ake ndi zazifupi moti mbali yaikulu ya mimba imakhala pamtunda. Ichi ndicho chizindikiro cha banja lake la Staphylinidae, lomwe lili ndi mitundu yoposa 60,000 yolembedwa kale, ndipo akatswiri akupezabe ina yatsopano chaka ndi chaka, makamaka m'mayiko otentha. Dzina la gulu lake, Paederus, analipereka ndi Fabricius mu 1775. Dzodzwe, wa gulu la Mylabris, ndi wamkulu kuwirikiza kawiri kapena katatu, wakuda ndi mizere yachikasu kapena yofiira, ndipo zikamba zake zimaphimba thupi mpaka kumbuyo. Brian Morris, m'buku lake la 2004 lonena za tizilombo ndi moyo wa anthu ku Malawi, anamulemba pakati pa tizilombo todziwika bwino kwa alimi.

Amasiyananso pa malo ndi nthawi. Dzodzwe ndi wa masana. Umampeza pa maluwa a nandolo, khobwe, nyemba ndi therere akudya duwa lomwe likanabala. Nairobi fly imakonda nthaka ya chinyontho, monga m'mbali mwa mitsinje ndi m'madimba, ndipo usiku imakopeka ndi magetsi. N'chifukwa chake malo ngati Makata, komwe mtsinje wa Mudi uli pafupi ndipo mababu amayaka usiku wonse, ndi oyenera kusamala. Ku Kenya Nairobi fly inachuluka koopsa mu 1998, itagwa mvula yamphamvu ya El Niño.

Poizoni wa awiriwa ndiye akuonetsa kusiyana kwenikweni. Dzodzwe ali ndi cantharidin, ndipo ukamgwira amatulutsa yekha madzi achikasu m'mfundo za miyendo. Nairobi fly siluma, ilibenso mbola. Poizoni wake, pederin, amapangidwa ndi mabakiteriya okhala m'thupi mwake, makamaka mwa zazikazi, ndipo amafika pakhungu munthu akaiphwanya. Kuwawa sikuyamba pomwepo. Kumatenga tsiku limodzi kapena awiri, moti wodwala saganizanso za kachilombo komwe anakamenya mbama dzana. Akatikita m'maso ndi dzanja lomwelo, diso limatupa.

Kwa mlimi, mlandu wa awiriwa sulingana. Dzodzwe amachepetsa zokolola, ngakhale kuti ana a mitundu yake yambiri amadya mazira a ziwala m'nthaka. Nairobi fly sidya mbewu. Imasaka nsabwe za zomera ndi tizilombo tina tofewa, kotero m'dimba ndi mthandizi. Wopopera mankhwala mwachisawawa amapha mlonda wa ndiwo zake.

Tikaika zonse pamuyeso, dzodzwe ndi woopsa ku mbewu koma wosavuta kumupewa chifukwa amaoneka. Nairobi fly ndi yoopsa pakhungu chifukwa cha kuchepa kwake ndi changu cha dzanja lathu. Ikakuterani, iuzireni kapena ichotseni ndi pepala. Ngati mwaiphwanya, sambani msanga ndi sopo ndi madzi ambiri, osagwira m'maso. Gonani mu neti, ndipo zimitsani magetsi osafunika pafupi ndi zenera. Matuza akakula kapena diso likatupa, pitani kuchipatala m'malo mopaka mankhwala ongouzidwa ndi anzanu.