Kalasi yotentha imayambira pa pulani

A komiti ya sukulu akabwera kudzafuna pulani ya mdadada, funso lawo loyamba ndi la malata angati ndi simenti matumba angati. Ine, monga wojambula mapulani a nyumba, ndimayamba ndawafunsa kuti pamalopo dzuwa limalowera mbali iti. Ambiri amaona ngati ndikuwatayitsa nthawi, chonsecho yankho lake ndilo limanena ngati ana adzamve za aphunzitsi mu Okutobala kapena adzangosinza.

Dzuwa la masana silivuta kulitchinga chifukwa limakhala pamutu, denga likatulukira kunja pang'ono mthunzi wapezeka. Lovuta ndi la m'mawa ndi la madzulo, limene limabwera chopendekera n'kulowa pazenera mpaka pa bolodi. N'chifukwa chake makoma aatali okhala ndi mazenera timawalozetsa kumpoto ndi kummwera, ndipo aafupi opanda zenera ndiwo amayang'ana kum'mawa ndi kumadzulo. Izi sizidya ndalama ngakhale tambala, kungotembenuza chingwe tsiku lokumba maziko. Koma midadada yambiri imamangidwa moyang'ana msewu kuti odutsa aone chitukuko.

Nkhani yaikulu ili kudenga. Lata likapsa ndi dzuwa limawotcha mitu ya amene ali pansi pake, ndipo mpweya wotentha umene umakwera m'mwamba ukasowa potulukira umabwerera kwa ana omwewo. Kalasi imasanduka uvuni wa njerwa. Ikagwa mvula, phokoso la malata opanda siling'i limathetsa phunziro.

Amene anaonetsa bwino njira yothana ndi zimenezi ndi Francis Kéré wa ku Burkina Faso. Akuphunzira ku Berlin, anasonkhanitsa ndalama n'kumanga sukulu ya pulayimale kumudzi kwawo ku Gando, imene inatha mu 2001. Makalasi atatu, makoma a zidina za dothi la pomwepo losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindira osati zootcha. Pamwamba anayala siling'i ya zidina yokhala ndi mipata, kenako malata anawakweza m'mwamba pa timizati ta zitsulo zopyapyala, osakhudza makoma. Mphepo imadutsa pakati pa malata ndi siling'i n'kumachotsa kutentha, mpweya wotentha wa m'kalasi umathawira m'mipata ija, wozizirapo n'kumalowa pamazenera. Palibe fani, palibe magetsi. Dengalo ndi lotambalala kwambiri moti mvula sifika pa makoma, ndipo apa m'pamene pagona moyo wa khoma ladothi. Anthu a m'mudzimo ndiwo anagwira ntchito yomanga. Sukuluyi inalandira mphoto ya zomangamanga ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa ku Africa kulandira mphoto ya ojambula mapulani a nyumba yotchedwa Pritzker.

Sindikuti tikopere Gando mmene alili. Ku Nsanje, Chikwawa ndi Karonga denga lotere lingathandize kwambiri, koma ku Dedza mu Juni ana angakongwe ngati palibe zotsekera mipatayo. Komanso denga lokwezeka limaitana mphepo. Likapanda kumangiriridwa ndi zitsulo zozikika m'khoma, lidzakhala m'gulu la madenga amene amasasuka mvula zoyamba zikamabwera. Apa mmisiri wofuna kusunga waya ndi misomali sindimumvera.

Zidina zamabowo zimene timaika m'malo mwa mazenera ndimagwirizana nazo theka. N'zotsika mtengo, mpira suziswa, wakuba salowa, mpweya umadutsa. Koma kuwala kumachepa, ndipo mwana wakumbuyo amalemba zimene wamva, osati zimene waona pa bolodi. Ngati ndalama zakana magalasi, mabowowo akhale mbali zonse ziwiri, afike pafupi ndi denga, ndipo m'kati mupakidwe laimu.

Mdadada umene unamangidwa kale moyang'ana kumadzulo sitiugwetsa. Timaboola mipata pamwamba pa makoma a m'mbali kuti mpweya wotentha uzituluka, timapaka malata utoto woyera, n'kubzala mitengo yamthunzi mbali imene dzuwa limalowera, motalikirako ndithu kuti mizu isafike pa maziko.