KAMUNDA KA KUSERI KWA NYUMBA

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi, lero tifuna kukambirana nanu za kamalo kakang'ono kamene kali kuseri kwa nyumba, kamene ambiri a ife tikapeputsa. Tonse tidziwa kuti nchito ya mgodi siikhala muyaya. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, ndipo wa Mhangura m'caka ca 2000. Amuna amene anakalamba akukumba pansi anatsala opanda malipiro, ena a iwo machona oiwala kale njira ya kwao. Nanga munthu wotere adzadya ciani pamene fosholo yamlaka? Ife tinena kuti mtengo wa zipatso ndiwo mwana amene sathawa atate wace.

Ambiri ayankha kuti, malo a m'komboni si athu, tibzalirenji? Mau awa ali ndi nzeru, koma mitengo iri ya mitundu iwiri, yofulumira ndi yocedwa. Papaya abala cisanathe caka kapena kupitirira pang'ono, nthoci ibala pakati pa miyezi 12 ndi 18, ndipo gwafa patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Imeneyi bzalani pomwe muli. Mango ndi mapeyala ocokera ku njere acedwa zaka 5 kapena kuposa, koma omezanitsa ayamba kubala m'caka cacitatu kapena cacinai. Iyi ndiyo ya kumudzi, pa malo amene mfumu idziwa kuti ndi anu. Potumiza ndalama kwanu, patulani pang'ono za mbande, kuti amai kapena mphwanu aoke mvula itakhazikika m'mwezi wa December.

Akuru anati m'mera m'poyamba. Kumbani dzenje mvula isanagwe, masentimita 60 kuya kwace ndi 60 m'mimba mwace. Dothi la pamwamba liikeni padera, mulisanganize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa oola bwino, ndipo ndilo liyambe kubwerera m'dzenje. Manyowa aawisi atentha mizu. Mango atalikirane mamita 9 kapena 10, mapapaya mamita awiri kapena atatu. Pa phando la papaya siyani mbande zitatu kufikira maluwa aoneka, pakuti ena ali amuna ndi ena akazi. Mwamuna mmodzi akwanira akazi khumi, otsalawo dulani. Phimbirani pansi ndi udzu kuti cinyezi cisathawe, koma udzuwo usakhudze tsinde, cifukwa uitana ciswe. Madzi otsukira mbale ndi osamba, ngati alibe sopo wambiri, asatayike cabe.

Kumezanitsa si nzeru ya ophunzira okha. Mutenga kanthambi ka mtengo wobala zokoma ndi kukalumikiza pa mbande yolimba mizu, ndi kumanga zolimba kuti madzi asalowe pa bala. Alimi a malalanje akonda kuphatikiza pa mandimu okakala khungu, onga aja omera m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe, pakuti mizu yao ipirira cirala. Amene akhala m'mapulazi a zipatso ayang'anitse manja a ocita nchitoyi. Nzeru imeneyo idutsa pa cipata ca dziko popanda msonkho.

Koma mbeu yeni yeni musaolotse nayo malire popanda cilolezo. Nthenda ya cisaka inaononga minda ya nthoci ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, ndipo iyenda ndi nsabwe za nthoci pamodzi ndi ana a nthoci amene anthu apatsana mwa cikondi. Nthoci yodwala ikhala yopinimbira, masamba ace ang'ono ndi ounjikana pamwamba. Iribe mankhwala, koma kuizula yonse ndi mizu yomwe. Mdani wina ndi nchenche yoboola mango, imene inaoneka ku Kenya m'caka ca 2003 ndi kufalikira m'maiko athu onse. Mphutsi zace zituruka m'zipatso zakugwa ndi kulowa m'dothi. Cifukwa cace tolani zakugwa tsiku ndi tsiku, muzikwirire mozama, kapena muzitsekere m'thumba lakuda la pulasitiki pa dzuwa. Ndipo inu okhala pafupi ndi miulu ya zotayidwa za mgodi cenjerani. Dothi la m'makomboni ena a ku Kabwe liri ndi mtobvu umene upweteka ana mu ubongo. Kumeneko ndiwo za masamba zibzalidwe m'matumba a dothi locokera kutali, ndipo zitsukidwe bwino.

Tsono za zofulula. Thobwa ndi cakumwa ca makolo cimene cipatsa mphamvu munthu wa nchito popanda kumlanda nzeru. Mai wa luso abviika mawere kapena mapira tsiku limodzi, nawabvundikira masiku awiri kapena atatu kufikira amera, nawayanika, nawasinja, ndico cimera. Aphika phala la ufa wa cimanga, nalisiya lizizire kufikira cala cikhoza kupirira, ndipo pamenepo athira cimera. Taonani cifukwa cace: m'njere yomera muli mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, ndipo mphamvuyo ifa m'phala lotentha kwambiri. Ndico cifukwa phala lolimba lisungunuka ndi kutsekemera. Pambuyo pace awiritsanso, ndipo m'mawa mwace thobwa lakoma. Likagona masiku ambiri lisasa ndi kuyamba ukali wa mowa.

Pano pali zoopsa zitatu zimene tipempha kuti muzisunge mumtima. Coyamba, musafulule m'cigubu cimene munali mankhwala a m'munda kapena a mgodi, ngakhale mwacitsuka kangati. Ndiponso cakumwa cowawasa cisagone m'ndowa ya malata, pakuti cidya citsulo. Mtsuko wa dothi uposa zonse. Caciwiri, cimanga ca cuku si ca thobwa kapena ca mowa, pakuti ululu wace suthawa moto. Ku Kenya m'caka ca 2004 anthu 125 anafa ndi cimanga cotere. Cacitatu, kacasu. Wocezera usiku pa mpopi sayesa ukali wa cimene cituruka, ndipo ogulitsa ena athiramo zinthu zocititsa khungu. Ndalama ya mwezi wonse ithera m'botolo, ana nagona ndi njala.

Pa nyengo ya mango zipatso ziola pansi, koma m'mwezi wa June palibe ndi limodzi lomwe. Lengani mango okhwima mopyapyala, muwayanike pa thandala loyera ndi kuphimba ndi nsaru yopyapyala kuti nchenche zisatere. Masau ndi malambe asungika miyezi yambiri pouma. Nkhwani ndi khwanya zifutsidwe, ndi kumangidwa m'cikwatu ca masamba a msuku monga anacitira agogo athu. Ndipo mwamuna amene adziwa kuluka dengu, licero kapena kusoka mphasa pa tsiku lopuma, aphunzitse mwana wace, pakuti luso la manja silicotsedwa nchito.

Sitinena kuti kamunda aka kadzalemeretsa munthu. Tinena kuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Wobzala mitengo iwiri caka ciri conse adzakhala nayo 20 pakutha pa zaka khumi, ndipo pobwera kwao adzapeza mthunzi, cakudya ca adzukulu, ndi kanthu kopita nako ku msika. Mvula iri pafupi, abale. Yambani kukumba maenje. Tsalani bwino.